Mbale ya Aphunzitsi

Amene anamulakwira Basu anali Yamna, mkazi wa Hamu wa golosale, chaka chimene makolo a m'mudzi wa Ait Sliman anayamba kuphikira ana pasukulu. Anapangana kuti ana aleke kushomola mabisiketi masana, azidya chakudya chenicheni: mphodza, maungu, ndi kusukusu, timibulu tofikisa ta ufa wa barele. Amayi ankaphika mosinthana, mwaulere, Yamna ali wamkulu wawo. Bambo Basu, poti anali nkhalamba, anamupatsa ntchito yotuta nkhuni pabulu. Mwana wake Tuda, mkazi wamasiye, ankakanda buledi.

Kenaka ana anayamba kusintha. Ankabwera kunyumba ali duu, maso gwa, osaseka, osalira ngakhale uwatsine. M'kamwa mwawo munkatuluka fungo la mankhwala osambitsira maliro. Awiri anagona osadzukanso.

Yamna sanachedwe. Anauza anzake kuchitsime kuti Tuda ndiye amasambitsa maliro a akazi m'mudzimo, nanga manja omwewo azikanda buledi wa ana? Anamupirikitsa kukhitchini. Anthu amene amayi awo anasambitsidwa ndi Tuda mwaulemu anasiya kuyankha moni wake. Koma Ito, mdzukulu wa Basu, ankadyabe kusukulu popeza kunyumba kunalibe, ndipo nayenso anali atayamba kuzizira mawu.

Lachinayi lina, anthu akupita kumzikiti ku swala ya madzulo, Basu anafika ndi nkhuni kuseri kwa khitchini. Bulu anaima nji, makutu kumbuyo. M'kati munkamveka kwee, kwee, ngati munthu akufikisa ufa m'mbale yamtengo, koma ndi zikhadabo. Fungo lija linali tho. Anasuzumira pamng'alu wa chitseko.

Yamna anali atagwada, akufikisa kusukusu. Dzanja limene linkazungulira mu ufa silinali lake. Iye anangoligwira pamkono. Linali lotuwa, lodulidwa, dothi la kumanda lili m'zala.

Kumapiri kuno ngakhale kamwana kamadziwa kuti wodya kusukusu wofikisidwa ndi dzanja la wakufa amasanduka kapolo wa womuphikira. Basu anazindikira pomwepo. Mphunzitsi wochokera kutauni, dzina lake Si Drisi, anali wosakwatira, ndipo Yamna anali ndi mwana wamkazi wosakwatiwa. Lachisanu lililonse ankamuikira mphunzitsiyo mbale yakeyake. Chimene Yamna sankaona, poti amakhala kumoto, n'chakuti mphunzitsiyo ankachita manyazi kudya yekha ana akuyang'ana. Ankakhuthulira mbale yake m'mbale yaikulu ya onse.

Basu anakauza amuna pakhomo pa mzikiti. Anamuseka. Hamu anati nkhalamba ikuteteza mwana wake, ndipo maso ake sasiyanitsa dzanja ndi chikombe. Imamu anati m'mudzi mwa Asilamu simufukulidwa manda chifukwa cha maloto a wotuta nkhuni.

M'mawa mwake, nthawi ya chakudya, Basu analowa m'khitchini osaodira. Ananyamula mbale ya aphunzitsi, naiika patsogolo pa Yamna, amayi onse akuona.

"Lala Yamna, mwatopa nawo ana athuwa. Bisimila, idyaniko."

"Ndadya kale, Ami Basu."

"Chabwino. Itanani mwana wanu uja, ndiye wowonda."

Mtsikanayo anali pomwepo, akutsuka makapu. Anapukuta manja n'kuyamba kuyandikira, akumwetulira, osadziwa kanthu. Yamna anaikoka mbaleyo, naikumbatira. Anadya ndi manja awiri, mofulumira, misozi ikugwera momwemo, mpaka anaseteka pansi pake.

Ito anachira pang'onopang'ono, ngakhale mpaka lero samaseka ngati anzake. Khitchini inatsekedwa, ana anabwerera ku mabisiketi a Hamu. Kwa Tuda sikunabwere munthu wopepesa, ngakhale imamu. Anthu amangodutsa pakhomo ataweramitsa mitu, ngati wolakwa ndi Basu powachititsa manyazi.

Kuyambira tsiku limenelo Yamna sanayankhulenso. Hamu anamukweza pagalimoto ya masamba n'kukamusiya kwa alongo ake kuchigwa, ndipo Yamna anamwalira komweko barele asanache.