Diso Lotsala la a Wallace

Dokotala wa maso sanazungulire. Anauza Sellah kuti diso lamanzere la bambo ake linafa kalekale, ndipo lamanja likulondola lomwelo. Mvula ikamadzagwa, a Wallace adzakhala akuyendera ndodo. Sellah anali namwino, wochokera ku Dedza, ndipo ntchito ndi imene inamuponya ku Mzimba. Kuuza anthu ena nkhani zoipa anali atakuzolowera, koma iyi sanadziwe poyambira. Mwayi wake, kaya tsoka, mkuluyo anali atamva yekha. Makutu awo analibe vuto.

"Ndiye undiperekeze ku Nyamphale," anatero ali pakhonde. "Ndikalione damu langa disoli lisanatseke."

Ali mnyamata, a Wallace ankadzala mitengo ya paini pamapiri a Viphya. Damu la Nyamphale anakumba ndi makasu, iwo ndi anzawo, kuti azitungamo madzi othirira mbande. Sellah anakula akumva za damuli mpaka kufika pokwana nalo: madzi ozizira oti mano kuwawa, paini wazungulira mbali zonse, mitambo ikuyenda pansi pamadzi. Ankati akayamba a Wallace, ana onse kuthawa. Lero Sellah sanathawe. Anapita kukafuna Chikomeni.

Chikomeni Nyirenda ndiye ankatenga alendo pa pikapu yake kukawaonetsa maiwe a m'mapiri, azungu ndi mabwana a ku Lilongwe omwe. Kwa Sellah sakanakana kanthu, pakuti ndi Sellah amene anapulumutsa mkazi wake pa uchembere wovuta.

"Yewo amama, tipita," anatero Chikomeni. "Koma mwezi uno ngoipa chomene. Udzu wauma, osaka mbewa akutentha paliponse. Tinyamuke m'mawa, dzuwa likamafika pamutu tikhale tikubwerako." Anakanda kumutu. "China, ndapota, muwauziretu adada. Mitengo yawo kulibe. Macheka anamaliza."

Sellah anavomera ndi mutu. Atafika kunyumba anapeza bambo ake akupukuta nsapato zawo za ku tchalitchi, akuimba chapansipansi. Sanawauze.

Ananyamuka msika wa pa Boma usanadzadze. Kumbuyo anaika zigubu za madzi, mbatata yophika, nthochi, ndipo Sellah anaponya mankhwala a m'maso m'chikwama chake. Atasiya tala, msewu unayamba kukwera, galimoto ikulira ngati mbuzi yomangidwa. Chikomeni anaima pa dziwe loyamba, monga ankachitira ndi alendo onse. A Wallace anatsika, natchinga dzuwa ndi dzanja.

"Ndikungoona choyera," anatero. "Damu langa ndiye ndikaliyandikira mpaka mphuno kugunda madzi. Nanga kumapiri uko, paini akuoneka?"

Sellah anayang'ana. Mapiri onse anali mbee, zitsa zokhazokha, milu ya utuchi apa ndi apo.

"Akuoneka, Ababa. Ali biriwiri."

"Ndinadziwa! Tinadzala ife, osati zamasewera."

Chikomeni anayang'ana pansi. Mwana akanamiza bambo ake, mlendo ungalowererepo bwanji? Anangotsegula chitseko kuti akwere.

Patsogolo anapeza mlatho wa mitengo utapsa, mitanda yakuda ikulendewera mumtsinje. Ulendo wa pagalimoto unathera pomwepo. Chikomeni anakhazika mkuluyo pamwala, naitanira Sellah pambali.

"Njira zilipo ziwiri," anatero. "Yapamtunda, momwe munkadutsa malole a matabwa, njaifupi, ndipo ndi poyera. Moto ulibe chodya kumeneko. Ina njam'chigwa. Njotalika, udzu wake umapitirira munthu."

"Pamtundapo pali chiyani?"

"Zitsa, amama. Njira yonse."

"Nanga m'chigwa?"

"Muli paini pang'ono amene anatsala. Malole analephera kutsikamo."

"Tidzera m'chigwa."

"Amama, ayi. Mphepo ikatembenuka, mbwenu tilibe kothawira. Mbali zonse ndi phompho."

"Achimwene, munthu uja chitsa achiona akachiyandikira. Mukufuna chinthu chomaliza kuona pa dziko lino chikhale manda a ntchito yake? Ndakupemphani."

Abale, pali anthu ena amene ukawakana tulo sungagone. Chikomeni anayang'ana kumwamba, nayang'ana udzu, nayang'ana mayi amene anagwira mwana wake woyamba asanalire. Anasenza zigubu. Akanakhala mzungu, akanamuuza mosapsatira kuti ulendo wathera pano.

Anatsetsereka, Chikomeni patsogolo akutchetcha udzu ndi chikwanje, a Wallace pakati atagwira phewa lake, Sellah pambuyo. Nsapato za ku tchalitchi zija zinkaterera pa miyala. Kunatentha koopsa, mphepo kunalibe, thukuta linkalowa m'maso. Anawoloka kamtsinje kouma, nadutsa pa masuku osapsa. Kenaka pansi panayamba kufewa, mthunzi unawagwa pamutu.

A Wallace anaima. Ananunkhiza. Anatambasula manja mpaka anagunda thunthu, ndipo analikumbatira ngati mbale wobwera ku Joni. Anayandikitsa diso lawo lija pa khungwa.

"Ndikuona! Sellah, utomoni uwu, ndikuuona! Mzere uwu tinadzala ndi Lyson, malemu, munthu waulesi ngati uyo sindinamuonenso. Taonani kunenepa kwa mtengowu!"

Anapita pa mtengo wina, kenaka wina. Uliwonse unali ndi nkhani yake. Chikomeni ankayang'ana dzuwa, nkumatsokomola.

"Adada, tiyeni. Damu likadali patsogolo."

"Iwe mnyamata, damu lithawa?"

Sellah anamukodola Chikomeni kuti awasiye. Mtima wake unali mbee. Ankadziuza kuti wachita bwino, kuti bodza lina ndi mankhwala. Anakhala pansi nasenda mbatata, ndipo anadya mosathamanga, dzuwa likupendeka.

Woyamba kumva anali a Wallace. Anasiya kutafuna.

"Utsi uwo."

Nthawi yomweyo mphepo inawomba kuchokera kumbuyo, kumene anachokera, yotentha ngati ya m'uvuni wa njerwa. Anyani anatulukira m'udzu, akulu ndi ana, kudutsa pafupi osawalabadira n'komwe. Gwape anawatsatira. Kumunsi kwa chigwa kunamveka kuthetheka, ndipo kumwamba kunasanduka kofiirira.

"Tayani katundu!" anakuwa Chikomeni. "Zonse! Kubwerera ayi, moto uli komweko. Tithamangire kudamu!"

Anang'amba chitenje cha Sellah, nathira madzi a m'chigubu pa zidutswazo. "Tsekani mphuno ndi pakamwa. Adada, kwerani kumsana."

"Ine kuberekedwa ngati khanda?"

"Ababa, kwerani!"

Anathamanga. Sellah anaponya chikwama osaganiza n'komwe za zimene zinali m'katimo. Udzu unkawacheka m'manja ndi kumaso. Chikomeni ankapuma ngati ng'ombe yapangolo, miyendo ya mkuluyo ikulendewera m'mbali. Moto wa m'chigwa suyenda, umalumpha. Unafika pa paini uja, ndipo mitengo inayamba kuphulika umodziumodzi, utomoni ukuyaka kuyambira pansi mpaka kunsonga. Mbaliwali zamoto zinkagwa ngati mvula.

"Chikuphulikacho n'chiyani?" anafunsa a Wallace.

"Musacheuke, adada! Bisani nkhope!"

Koma munthu angamve mitengo yake ikupsa osacheuka? Anachotsa kansalu kumaso, natembenuza mutu, diso lili tong'o kufuna kuona. Mphepo inabwera ndi khungwa loyaka.

"Mayo ine! Diso langa!"

Chikomeni sanaime. Sellah anamva kukuwako, koma moto unali ukumuwotcha kale kumsana. Anakwera kachitunda chokwawa, nagubuduka kuseri kwake, ndipo mwadzidzidzi mapazi analowa m'matope. Bango, kenaka madzi. Analowa mpaka m'khosi.

Moto unazungulira damu mbali zonse ziwiri. Utsi unagona pamadzi, wakuda bii, moti Sellah sankaona ngakhale dzanja lake. Ankamva Chikomeni akupemphera m'Chitumbuka, ndi bambo ake akubuula. Anawapapasa mpaka anapeza nkhope yawo.

"Tsegulani diso, Ababa, nditsuke."

"Likuwawa, mwanawe."

"Tsegulani!"

Anatunga madzi ndi manja, madzi a phulusa, nathira. Namwino wathunthu, wa zaka zambiri pa ntchito, analibe thonje, analibe mankhwala, analibe kanthu. Zonse zinali m'chikwama chimene chinali kupsa m'chigwa. Anathira, nathiranso, akulira mokweza ngati kamwana. Madziwo anali ozizira zedi, monga ankanenera a Wallace, ndipo posachedwa onse atatu mano anayamba kugundana.

Anakhala m'madzimo mpaka kuthetheka kunapita kutali. Mphepo ija inayamba kukankha utsi. Poyamba kunaoneka bango lopsa, kenaka tsidya lina, kenaka damu lonse. Ha! Mkulu uja sankanama. Ngakhale mapiri anali akuda ngati makala, madziwo anali phee, aakulu, dzuwa lamadzulo litagona pamwamba pake, mitambo ikuyenda pansi. Sellah sanaonepo malo okongola chotero, ndipo anadana nawo.

Anawatulutsa bambo ake nawakhazika pa khoma la damu. Anawatembenuzira kumadzi.

"Tafika, Ababa. Nyamphale ndi ameneyu. Yesani kuyang'ana."

A Wallace anakweza chikope chotupa ndi chala. Anatembenuza mutu uku ndi uku, pang'onopang'ono.

"Kodi kwada kale?"

Dzuwa linali likuwawomba pamphumi penipeni. Chikomeni anavula chipewa nachifinya m'manja. Sellah anatsegula pakamwa kuti anamenso, koma bodza linali litamuthera.

"Sikunade, Ababa."

Mkuluyo anagwada, napapasa miyala ya khomalo, umodzi ndi umodzi, nafikitsa dzanja m'madzi.

"Miyala iyi tinasenza pamutu," anatero.

Pobwerera panalibe zosankha, anadzera yapamtunda. Analibe madzi, analibe chakudya. Mapazi a Chikomeni anali matuza okhaokha, moti kubereka munthu sakanathanso. A Wallace anayenda okha, nsapato imodzi itatsalira m'matope, Sellah atawagwira mkono. Njirayo inali yaifupi ndithu, yoyera, moto sunaikhudze n'komwe.

Sanapite patali a Wallace anapunthwa. Anawerama napapasa chimene chinawagunda. Chinali chitsa chachikulu, chodulidwa bwino ndi macheka. Anayenda pang'ono, napunthwanso. Anatambasula dzanja kumanja, chitsa. Kumanzere, chitsa.

"Sellah."

"Ababa."

"Izi zikufika pati?"

Sellah anayang'ana Chikomeni. Chikomeni anayang'ana kumbali.

"Mapiri onse, Ababa. Ndinakunamizani. Paini anatsala ndi wa m'chigwa uja basi. Ndinakana njira ino kuti musaone."

Anadikira kuti amukalipire. Akanakonda atamukalipira, ngakhale kumumenya kumene. Koma a Wallace anangokhala pa chitsacho, nayendetsa chala pa mizere yake.

"Mwana wanga, umayesa sindidziwa kuti paini amadzalira macheka? Tinkadzala kuti adzadulidwe. Taona kukula kwake chitsachi, munthu kukhalapo ngati pampando. Ukanandidutsitsa muno m'mawa, bwenzi nditaziona. Bwenzi nditaona ndi damu lomwe."

Ananena mofatsa, ngati akumuuza za nyengo. Sellah anagwada m'fumbi nagwira mapazi awo. Chikomeni ndiye anawadzutsa onse awiri, nati dzuwa likulowa ndipo galimoto ikadali kutsidya.

Anaipeza ili bwinobwino pa mlatho wopsa paja. Chikomeni anayendetsa ndi mapazi otupawo molunjika kuchipatala, ndipo anzake a Sellah anathamanga ndi machira ataona mmene atatuwo analili, akuda ndi mwaye, zovala zili nyankhalala. Dokotala anayang'ana disolo kanthawi kochepa chabe. Anamuyang'ana Sellah, ndipo Sellah, amene ankadziwa nkhope imeneyo, anatuluka panja.

Chikomeni sanatengenso alendo chaka chimenecho. Akakumana ndi Sellah pamsika ankapatsana moni wa "yewo, yewo," aliyense akuyang'ana kwake.

A Wallace anatuluka m'chipatala mvula isanagwe. Anthu a ku tchalitchi anabwera kudzawazonda, atadzaza pakhonde. Mayi wina wachifundo chake, wosadziwa kanthu, anafunsa mokweza ngati akuyankhula ndi gonthi.

"Komabe mwayi wake munakafika, agogo. Damu lanu lija munaliona?"

Sellah anali pakhomo ndi thireyi ya makapu. Anaima.

"Ndinaliona, mayi," anatero a Wallace. "Lokongola zedi. Mwana wangayu ndiye anandionetsa."

Anthu anawomba m'manja, ena nati Sellah ndi mwana wodalitsika. Iye anaika thireyi pansi bwinobwino, nalowa kuchipinda, natseka chitseko, naluma pilo kuti alendo asamve.