Utuchi wa m'Beseni

Lachinayi m'mawa Wailesi atalowa m'kalasi anapeza mabenchi asunthanso. Onse anali ataunjikana kuzenera kumene iye ankakhala. Kukhoma kunatsala benchi limodzi lokha, ndipo panakhala msuweni wake Kachete, atakumbatira chikwama pamiyendo.

Nkhaniyi inayamba Lolemba ndi kanthu kochepa. Kachete ankakanda mkono umene nyerere zinamuluma, ndipo Wailesi, amene pakamwa pake sipankapuma, ananong'oneza mnzake kuti, "Mphere zimenezo." Ankangofuna kuseketsa. Mnzakeyo anasendeza benchi pang'ono chabe. Lachiwiri anasendeza atatu. Lachitatu kalasi yonse inasamukira kwa Wailesi kudzamva zambiri, nayenso anakometsa nkhani.

Kachete sankadziwa amene anayambitsa. Lachinayilo m'mawa ali panjira anangouza Wailesi kuti, "Msuweni, mabuku a sukulu ndibweza lero. Mawa sindibweranso."

Kunja kunali kutada ndi mitambo, mphepo ikugwedeza malata. Madamu a sayansi analowa atanyamula beseni la madzi ndi kathumba ka utuchi.

"Madamu, tichapa lero?" anafunsa mnyamata wina wakumbuyo.

"Tiyambira makutu akowo. Bwerani kuno nonse."

Ana anazungulira tebulo, koma mbali imene anaima Kachete panatsala mpata woti n'kudutsa ng'ombe. Madamu anawaza utuchi pamadzi mofanana ponseponse.

"Kalekale, kusanakhale nyenyezi ngakhale imodzi, zinthu zonse zinali zomwazikana chonchi," anatero. "Koma pena ndi pena panali pothithikana pang'ono kuposa pena, kusiyana kwake koti diso silingaone. Pothithikanapo pankakoka mwamphamvu pang'ono. Pakakoka pankalemera, pakalemera pankakokanso kwambiri. Munomu akusonkhanitsa ndi madzi, kumwambako ndi mphamvu yokoka, koma penyani."

Wailesi anawerama. Tizidutswa tiwiri tinagundana n'kumatirirana. Kachitatu kanayandikira pang'onopang'ono, kenaka kanathamanga kokha. Posakhalitsa utuchi unapanga timagulu tolumikizana ndi timizere ngati ukonde wa kangaude, ndipo pakati pake panatsala madzi okhaokha, akuda bii.

"Patapita zaka mamiliyoni ambirimbiri, magulu otere anasanduka milalang'amba," anatero Madamu. "Uliwonse uli ndi nyenyezi zosawerengeka. Chiyambi chake n'kanthu kosaoneka."

Pafupi ndi m'mphepete mwa beseni kachidutswa kamodzi kankayandama kokha. Wailesi anakweza maso ndipo anaona kuti Kachete akuyang'ana komweko. Kenaka Wailesi anatembenukira kwa Madamu.

"Madamu, nanga malo otsala opanda kanthuwo amadzadzanso?"

"Ayi. Amangokulirakulira. Zimene zakokedwa sizibwerera zokha, mwanawe. Utuchi ulibe miyendo."

Bingu linagunda chapatali. Ana anabwerera m'malo mwawo, kuzenera konse kuli thithithi. Kachete anatsegula chikwama nayamba kutulutsa mabuku a sukulu limodzilimodzi, kuwasanja pakona pa benchi kuti akabweze.

"Wailesi, khala pansi utiuze," ananong'ona mnzake uja. "Akuti zafika mpaka kumsana?"

Wailesi sanakhale. Anagwira benchi lake n'kuyamba kulikoka. Miyendo ya benchilo inalira pasimenti mpaka Madamu anasiya kulemba pabolodi. Analidutsitsa pampata wonse uja, maso onse ali pa iye, nakaligunditsa ku benchi la Kachete.

"Zinali nyerere," anatero mokweza. "Za mpherezo ndinapeka ndine."

Kachete anamuyang'ana nthawi yaitali, misozi ili lengelenge.

"Iweyo, msuweni?"

"Ineyo."

Kachete anatembenukira kukhoma. Mabuku aja sanawabwezere m'chikwama, komanso sanadzuke nawo. Mvula inayamba kuwomba malata, ndipo Wailesi anakhalabe pomwepo, phewa lake litakhudza mkono wolumidwa uja. Patapita nthawi, kumbuyo kwawo, benchi lina linalira pasimenti.