Kamtengo Komangidwa ndi Waya

Madzulo amenewo m'chigafa, posoka fodya, munali Lefina ndi mwamuna wake Alick, munali a Dyna oyandikana nawo nyumba, ndi Goodness, kamwana ka Lefina, kakukwawa m'fumbi. Amene panalibe ndi Tobias, mlongo wake wa Lefina. Iye anali pakhonde pake, akuthirira kamtengo.

Kamtengoko anabwera nako kuchokera ku Lilongwe, komwe ankasamalira maluwa kwa bwana wina. Kanali m'mbale yadothi, kosafika ndi m'bondo momwe, koma thunthu lokhwinyata ngati la mtengo wakalekale. Maluwa ofiirira, utomoni woyera ngati mkaka. Ankakadula mizu, n'kukulunga nthambi ndi waya kuti kasakule. Chaka chimenecho kuponi imodzi ya feteleza tinagawana mabanja anayi, koma iye feteleza wake ankadyetsa kamtengoko ndi supuni.

Inayamba kufa ndi mbuzi ya a Dyna, itadya masamba amene Tobias anasadza. Inafa ikunjenjemera, thovu kukamwa. Kenaka anthu anayamba kunong'ona za Goodness, poti anzake obadwa nawo pamodzi ankathamanga, iye osaima n'komwe. Dzuwa likamalowa, pakhondepo pankamveka sizasi, ke, ke, ke, mwana n'kuyamba kulira.

"Ukumva?" anatero a Dyna m'chigafa muja. "Akudulanso."

"Ndi maluwa chabe, amayi," anayankha Lefina, akusokabe fodya.

"Maluwa amamangidwa miyendo? Tamuona mwana wakoyo."

Kutacha Alick anapalasa njinga kupita kwa sing'anga ku Lukwa, ndipo anauzidwa kuti amasule wayayo, atafune muzu, alavulire m'mawondo mwa mwana. Tobias pochokera kudimba anapeza kamtengo kothyoledwa, mlamu wake ali mkati motafuna.

"Alamu, lavulani! Ameneyo ndi poizoni!"

"Mwavomera nokha," anatero Alick, n'kutafunabe.

Pofika masana anali akusanza, mtima ukugunda modumphadumpha, akuti akuona zonse zachikasu. Wakabaza ananyamuka naye kupita kuchipatala ku Boma, koma anabwerera panjira, Alick atamwalira. Tobias sanadikire kuti adzukulu akumbe manda. Anathawa kudutsa m'minda ya fodya, nsapato kuzisiya pakhomo.

Tsiku loika maliro, azimayi ali mkati molira, Goodness anagwira mzati wa chigafa n'kuimirira. Anayenda yekha, dzandidzandi, mpaka pakhonde la malume ake, n'kukakhala pambali pa mbale ija.

Zotsala ndi izi. Mbuzi ya a Dyna sinabwezedwe. Feteleza wa Tobias akadali m'chigafa, wauma gwa, palibe wofuna kumukhudza. Akwawo kwa Alick anafunsa kuti mwana wawo tinamutani, mpaka lero sitinawayankhe. Chitsa cha kamtengo kaja chaphukanso, ndipo dzana Lefina anapeza dothi lake lonyowa, kanthambi kokulungidwa ndi waya watsopano. Wafunsa nyumba ndi nyumba. Aliyense akuti si iye.