Wosesa Manda a Misozi

Chimene chinamudabwitsa Imelda pa manda akale a kufupi ndi Pembamoyo sichinali udzu wofika m'chiuno kapena mitanda yodyedwa ndi chiswe. Chinali kamalo kamodzi pansi pa mkuyu, koseseka bwinobwino, mizere ya tsache ikuonekabe padothi ngati wosesayo wangochoka kumene.

Imelda anali atabwera kuchokera ku Kabwe ndi atate ake, a Fulansisi, omwe anathera unyamata wawo kumgodi. Chimwalirireni akazi awo a Monika, chaka chatha nthawi yokumba mtedza, mkuluyu ankangopempha chinthu chimodzi: akaone manda a kwawo maso asanatheretu. Ku Zingalume anaima pa ziliza za aphunzitsi awo akale, akupapasa mayina ndi zala. Ku Zemba anakwera ngolo kukagwada pamene anagona makolo awo. Kuno anakusiyira kumapeto, chifukwa ndi kumene anagona Misozi, mwana wawo woyamba, amene chikuku chinamutenga asanayambe n'kuyenda komwe. Imelda anabadwa pambuyo pake, banja litasamuka kale.

"Ndi pompano," anatero a Fulansisi. "Ine ndi amayi ako tinamusiya pansi pa mkuyuwu. Nanga akusesa ndani? Abale athu onse anatha kuno."

Anafikira kwa a Whiteson, akatekisiti, amene nyumba yawo inali kuseri kwa katchalitchi kakale, moyang'anana ndi mandawo. Dzuwa litangolowa, ali pakhonde, nkhululu zinaleka kulira zonse pamodzi. Kenako kuchokera kumitengo kuja kunamveka phokoso lofewa, lochedwa: tswaa... tswaa... ngati munthu wosafuna kudzutsa wina.

A Whiteson anasendeza mpando wawo pafupi.

"Izi ndinazipeza pobwera kuno," ananong'ona. "Koma kuyambira chaka chatha anthu akuti matsache amamveka awiri. Ena akuti ndi mfiti. Anyamata a m'mudzimu apangana kuti Loweruka akabisale ndi zibonga. Ndawaletsa, koma sakumva."

Madzulo otsatira mphepo inali zii, ndipo mdima unatsika msanga, wolemera ngati bulangete lonyowa. Tsache linayambanso. Koma tsopano pansi pa phokosolo panali mawu ena, ang'onoang'ono, a mkazi akung'ung'udza nyimbo yotonthozera mwana. Imelda nyimboyo ankaidziwa. Wong'ung'udzayo ankaidula pakati, n'kukoka mpweya, n'kuyambiranso pamwamba pang'ono, monga mmene ankachitira amayi ake pomupesa tsitsi ali wamng'ono.

"Wamva?" anafunsa atate ake osatembenuka.

"Ndamva, atate."

"Mawa tikaoneko. Kaya ndi ndani, anyamata aja asamupeze ife tisanamupeze."

M'mawa mwake Imelda anayesa kuwakaniza, koma sanamve. Chisisira chikugwa, anakakhala pa chiliza chosweka, kuseri kwa udzu. Anadikira mpaka mitanda inasanduka zithunzithunzi zakuda. Ndiyeno udzu unagwedera, ndipo munatuluka munthu wamfupi, wopindika msana, ndodo kudzanja lino, tsache kudzanja linalo. Anagwada movutikira n'kuyamba kusesa.

Inali nkhalamba chabe, yowonda, yovala chitenje chofwifwa.

A Fulansisi anadzuka. "Odi, amayi. Musaope."

Nkhalambayo inakhala pansi ndi mantha, ikuphimba mutu ndi manja. "Musandimenye, ana anga! Sindine mfiti!"

"Ndine Fulansisi, mwamuna wa Monika."

Manja aja anatsika pang'onopang'ono. "Atate ake a Misozi? Ndinu?"

Palibe amene anawaitanapo ndi dzina limenelo chichokereni kumudzi. A Fulansisi anagwada padothi, misozi ikutsika.

"A Fainesi! Mukadali moyo?"

A Fainesi anali mnzawo wa a Monika kuyambira pa utsikana. Anafotokoza mwakachetechete, Imelda atawagwira dzanja lozizira. Mwana wawonso anamwalira ndi chikuku chomwecho, ndipo anagona pambali pa Misozi. Tsiku losamuka, a Monika analira kuti mwana wawo atsala yekha kuthengo. A Fainesi anawalonjeza kuti posesa pa wawo adzasesanso pa Misozi.

"Ndili mtsikana ndinkabwera masana," anatero. "Koma nkhalamba yopanda ana ikaoneka kumanda, mukudziwa zimene anthu amanena. Ndiye ndimadikira kude."

"Loweruka musabwere, amayi," anatero Imelda. "Mawa tikauza a Whiteson alengeze m'tchalitchi. Muzibwera dzuwa likuswa mtengo, palibe adzakukhudzeni."

Mtima wa Imelda unakhala pansi, mpaka anafuna kuseka poganiza za mantha a dzulo lija. Nyimbo ija, ndithudi, atsikana awiriwa anaiphunzirira pamodzi.

"Nyimbo ija mumaimba bwino," anatero.

"Ine?" A Fainesi anapukusa mutu. "Chifuwa changa sichilolanso. Woimba uja ndi amayi ako. Msanawu utandikanika chaka chatha, nthawi yokumba mtedza, ndinangomva akusesa mbali inayo ya mkuyu. Ndinadziwa mawu awo. Maso angawa saona kukada, ndipo ndikawaitana sayankha, amangoimba." Anatembenukira kwa a Fulansisi modandaula. "Ndinawalakwira chiyani, atate ake a Misozi? Munthu kubwera kuchokera kutali konseko osafika kunyumba kwanga kudzamwa ngakhale madzi?"

Imelda anatsegula pakamwa, koma atate ake anamufinya pamkono.

"Simunalakwe kanthu," anatero a Fulansisi mofatsa. "Akuchita manyazi kuti anakusiyirani ntchito zaka zonsezi. Amakutchulani masiku onse."

Nkhope ya nkhalamba ija inamasuka. A Fainesi anaika tsache lawo pamiyendo, n'kupumira m'mwamba.

Pamenepo, kuseri kwa mkuyu, mumdima momwe simunkaoneka ngakhale tsamba, munamveka tswaa... tswaa... Kenako nyimbo ija, pafupi kwambiri, ikuduka pakati n'kuyambiranso. Imelda anayang'ana tsache lili phee pamiyendo ya a Fainesi. Mantha ake anasakanikirana ndi chilakolako chachikulu choti athamange, akaike mutu pachifuwa cha woimbayo.

A Fulansisi anavula chipewa. Anaimirira, naponda phazi limodzi kulunjika kumtengo kuja. Imelda anawakumbatira kumbuyo ndi mphamvu zake zonse.

"Atate, chonde, musapiteko."

Anaima nthawi yaitali, akumvetsera, nkhope ikumwetulira ngati ya mnyamata. Kenako anasisita dzanja la mwana wawoyo.

"Sindipita lero, Imelda. Asiye agoneke mwana. Ife tiwaperekeze a Fainesi kunyumba."