Osla ndi Golovesi Yamkwiyo

Uyu ndi Osla. Kwawo ndi pachilumba chozizira cha Whalsay. Osla ndi mwana wabwino, koma ali ndi mtima wapachala. Akakwiya, makutu ake amafiira. Tonse kuno timawadziwa makutu a Osla.

Osla ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kulukira bambo ake magolovesi.

Bambo ake ndi msodzi. Amapita kutali ndi boti. Kunyanjako kumazizira koopsa. Manja awo anali atang'ambikang'ambika ndi chisanu. Osla akawaona manjawo, mtima unkamuwawa.

Asodzi savala magolovesi okhala ndi zala. Munthu angamange bwanji chingwe zala zili zophimba? Amavala opanda zala. Chikhatho chimafunda, zala zili panja, zikugwira ntchito.

Boti linali loti linyamuke Lolemba masana. Magolovesi anafunika kutha boti lisananyamuke.

Osla anamanga lamba wolukira m'chiuno. Anazika singano imodzi palambapo, ngati momwe amachitira amayi ake. Anatenga ulusi wa ubweya wa nkhosa zawo. Anayamba kuluka.

Analuka pang'onopang'ono. Analuka akuimba. Mzere uno watha, mzere wina. Mzere uno watha, mzere wina. Golovesi yoyamba inatha. Inali yofewa. Bambo anaiyesa, ndipo inawakwana bwinobwino.

Osla anayamba yachiwiri. Analuka pamkono. Analuka pachikhatho. Anafika pa chala chachikulu. Kenako amayi anamutuma kuti akapatse nkhuku chakudya. Osla anasiya zoluka zake patebulo.

Osla ali ndi mkulu wake, dzina lake Mima. Mima amaluka mofulumira, osayang'ana n'komwe. Amatha, inde. Vuto n'lakuti iyenso amadziwa kuti amatha.

Osla atabwerera, anaima pakhomo. Golovesi yake inali itatsala pamkono pokha. Chikhatho panalibe. Patebulo panali mulu wa ulusi wopotanapotana.

"Ndani wachita izi?" anafunsa Osla.

"Ndine," anatero Mima, osatukula mutu. "Panali bowo."

"Bowo lake liti?"

"Pamwamba pa mkono. Bowo loti nkhosa n'kulowa."

"Bodza. Kanali kabowo kakang'ono."

"Ndiye unakaona, eti? Kuno sitipatsa munthu chinthu chobooka. Ndamasula mpaka pabowopo. Uzithokoza."

Kuthokoza? Makutu a Osla anafiira. Anafiira kwambiri.

"Golovesi ndi yanga," anatero Osla. "Ulusi ndi wanga. Bowolo linalinso langa."

"Usalire, mwana iwe. Bwera nayo ndikulukire. Ndimaliza tiyi asanazizire."

"Musakhudze, achemwali. Musakhudze ngakhale pang'ono."

Osla anatsomphola zoluka zake. Anakakhala pamasitepe. Anafulatira aliyense.

Osla anakwiya. Anakwiya zenizeni. Anayambanso kuluka, koma sanaimbe. Anakoka ulusi. Anakokanso. Akakoka ulusi, ankaganiza kuti akukoka tsitsi la Mima. Singano zinkalira, kwete, kwete, kwete.

Amayi anaitana. "Osla, msuzi wapsa."

Osla anabwera. Anadya mbatata, anasiya nyama. Mima anamupatsira buledi. Osla anayang'ana kumbali.

"Buledi sanakulakwire," anatero Mima.

"Wachokera m'manja olakwa," anatero Osla.

Anabwerera pamasitepe. Anakoka ulusi. Anakokanso. Zala zinamuwawa, koma sanasiye. Mkwiyo umamupatsa munthu liwiro. Loweruka madzulo, golovesi yachiwiri inatha.

Osla anapita nayo kwa bambo ake. Mima anali pomwepo, ndipo Osla anafuna kuti aone.

"Ababa, yesani. Ndaluka ndekha. Palibe wandithandiza."

Bambo analowetsa zala. Zala zinalowa. Anakankha chikhatho. Chikhatho chinakana. Anakankhanso, nkhope itachita makwinya. Golovesi inakanirira pakati.

"Dikira, mwanangu, ilowa," anatero bambo.

Sinalowe. Inali yaing'ono. Inali youma gwa.

Mima anatseka pakamwa ndi dzanja. Mapewa ake ankagwedezeka.

"Mukuseka," anatero Osla.

"Sindikuseka. Ndikutsokomola."

"Mukuseka. Ndakuonani."

Bambo anavula golovesiyo movutikira. "Usadandaule, Osla. Ndivala imodzi yoyamba ija. Ndi yabwino kwambiri."

"Nanga dzanja linalo? Lizizidwe?"

"Lizolowera."

"Sindikufuna lizolowere," anatero Osla.

Amayi anatenga magolovesi onse awiri. Anawagoneka patebulo. Ina inali yaikulu. Ina inali yaing'ono.

"Ulusi ndi womwewo," anatero Osla. "Singano ndi zomwezo. Mizere ndi yomweyo. Chalakwika n'chiyani?"

"Bwera ndi chala chako," anatero amayi.

Anamugwira chala. Anachiyendetsa pa golovesi yaing'ono ija. Pamkono panali pofewa. Kenako chala chinafika pouma.

"Wamva?" anafunsa amayi. "Apa unkaimba. Apa ndi pomwe unakwiyira. Munthu akakwiya amakoka ulusi. Akakoka ulusi, choluka chimachepa."

Osla anayang'anitsitsa. Zinali zoona. Mzere womwe mkwiyo unayambira unkaoneka poyera.

"Ndiye wolakwa ndi achemwali," anatero Osla. "Ndiwo anandikwiyitsa."

"Mima anamasula," anatero amayi. "Koma wokoka ndiwe."

Mawu amenewa Osla sanawakonde. Anatola singano zake.

"Ndiyambanso pompano."

"Ayi. Kwada, ndipo maso ako atopa."

"Ndiye mawa."

"Mawa ndi Lamlungu. Lamlungu singano zimapuma."

Osla ankadziwa. Pachilumba chonse palibe amaluka Lamlungu. Amayi anaika singano zonse pamwamba pa kabati.

Lamlungu Osla anadzuka ali wokwiya. Anavala ali wokwiya. Anapita kutchalitchi ali wokwiya. Anthu anaimba, iye milomo ili chitsekere. Anakwiyira Mima. Anakwiyira ulusi. Anakwiyira nkhosa. Anakwiyira ngakhale tsiku la Lamlungu.

Bambo anakhala pafupi naye. Anagwira buku la nyimbo. Osla anaona ming'alu ya m'manja mwawo. Anayang'ana kumbali msanga.

Masana Osla anakhalanso pamasitepe. Golovesi yaing'ono inali pamwendo pake. Anaikoka uku. Anaikoka uko. Anailowetsa phazi kuti ikule. Sinakule.

Mima anabwera. Anakhala pa sitepe yam'munsi.

"Chokani," anatero Osla.

"Masitepe ndi a tonse."

Kenako Mima analankhula motsitsa.

"Amayi aletsa kuluka. Kumasula sanaletse."

"Ndimasule? Ntchito yanga yonseyi?"

"Osati yonse. Pamkono ndi pabwino. Umasule pouma pokha."

"Inu mumangokonda kumasula."

"Ine sindikhudza. Umasule wekha."

Osla anaganiza. Sanafune kumvera Mima. Koma boti linali loti linyamuke mawa. Ndipo dzanja la bambo silikanalowa.

Osla anagwira nsonga ya ulusi. Anakoka. Mzere unachoka. Anakokanso. Mzere wina unachoka. Zinamuwawa kwambiri. Misozi inagwera paulusi. Iye sanaipukute.

Ulusi unagwera m'munsi. Mima anautola. Anayamba kuukulunga. Osla anamuona, koma sanamuletse. Anamasula mpaka pofewa paja.

Lolemba Osla anadzuka m'mamawa. Amayi anatsitsa singano. Osla anamanga lamba. Anayamba kuluka.

Kunja bambo ankalongedza chikwama. Nthawi inali yochepa. Osla anafulumira. Singano zinalira, kwete, kwete.

Mima anayang'ana. Anayang'ananso. Anayesa kukhala chete, koma Mima kukhala chete sakutha.

"Ukukokanso."

Osla anaponya zoluka pamwendo.

"Ndikukoka chifukwa ndakwiya. Ndakwiya chifukwa cha inu."

"Koma bowo linalipo, Osla."

"Ndikudziwa kuti linalipo. Ndikanamasula ndekha. Inu simunandifunse. Munangotenga. Munangomasula. Kenako munandiseka. Mumaona ngati ine sinditha kanthu."

Mima nayenso makutu ake anafiira. Koma a Mima anafiira ndi manyazi.

"Ukunena zoona," anatero Mima. "Ndikanakufunsa kaye. Ndinalakwa. Pepa, m'bale wanga."

Osla anamuyang'ana kwa nthawi. Ankadikira kuti Mima aseke. Mima sanaseke.

"Bwerezani," anatero Osla.

"Pepa."

"Mokweza."

"Pepa, iwe. Ukufuna nkhosa nazo zimve?"

Osla sanafune kuseka. Anayesetsa. Koma kuseka kunatuluka kokha, kudzera m'mphuno.

Osla anamasula mizere youma ija. Anapukusa manja. Anayambanso. Ulusi unayenda mofewa. Mzere uno watha, mzere wina. Mzere uno watha, mzere wina. Mima anagwira mpukutu wa ulusi. Singano sanazikhudze.

Osla analuka pachikhatho. Anasiya polowera chala chachikulu. Analuka pamwamba pake. Dzuwa linali litakwera kale.

Bambo analowa atavala jekete. Ananyamula chikwama.

"Ndanyamuka, ana anga. Anzanga akudikira padoko."

"Ababa, sinathe," anatero Osla.

"Boti silidikira, mwanangu."

Bambo anatuluka. Osla anayang'ana golovesi. Inatsala mizere yochepa. Anamva mkwiyo ukubweranso. Unkakwera kumakutu.

"Osla," anatero Mima. "Lamba uli naye m'chiuno. Miyendo uli nayo. Tiye."

Kuno akazi amaluka akuyenda. Ndiyo ntchito ya lamba. Koma Osla anali asanayesepo.

"Ndigwa," anatero Osla.

"Sugwa. Iwe uziyang'ana singano. Ine ndiziyang'ana njira."

Anatuluka. Amayi anatsatira pambuyo, golovesi yoyamba ili m'thumba. Mphepo inali yozizira. Osla analuka akuyenda. Mima anamugwira paphewa.

"Mwala," anatero Mima. Osla anadumpha.

"Matope." Osla analambalala.

"Nkhosa."

"Iuzeni ichoke," anatero Osla, osatukula mutu.

Anafika padoko. Injini ya boti inali ikulira kale. Asodzi ankamasula zingwe. Bambo anali ndi mwendo umodzi m'boti.

"Lowrie, tiye," anaitana msodzi wina. Lowrie ndi dzina la bambo a Osla.

"Dikirani pang'ono," anatero bambo. "Mwana wanga ali pantchito."

Osla anali pamzere womaliza. Asodzi onse ankamuyang'ana. Manja ake anafuna kukoka.

"Pang'onopang'ono," ananong'ona Mima. "Ukutha bwino."

Osla anapuma. Sanakoke. Anatseka mzere womaliza. Anamanga mfundo. Bambo anatulutsa mpeni wawo, n'kudula ulusi.

Amayi anapereka golovesi yoyamba. Bambo anavala. Osla anapereka yachiwiri. Bambo analowetsa zala. Zala zinalowa. Anakankha chikhatho.

Chikhatho chinalowa.

Bambo anafumbata manja. Anatambasula. Anagwedeza zala zonse.

"Zandikwana," anatero. "Zonse ziwiri."

Anagwira masaya a Osla ndi manja onse awiri. Magolovesi anali ofewa. Anali ofunda. Osla anasangalala kwambiri.

Bambo anakwera m'boti. Anamasula chingwe chomaliza ndi zala zawo. Boti linayamba kuyenda. Bambo anakweza manja onse awiri m'mwamba.

Osla anayang'anitsitsa. Sanathe kudziwa kuti yachiwiri ndi iti.

Boti linapita kutali. Amayi anati, "Tiyeni kunyumba, tikamwe tiyi."

Anayamba kukwera kamtunda. Manja a Osla anali atazizira.

"Achemwali," anatero Osla.

"Ee?"

"Musadzakhudzenso zoluka zanga."

"Sindidzakhudzanso."

"Ngakhale pali bowo."

"Ngakhale pali bowo loti nkhosa n'kulowa. Ndidzangokuuza."

Osla anagwedeza mutu movomereza. Kenako analowetsa dzanja lake m'thumba la jekete ya Mima. Mima analigwira. Anayenda choncho mpaka kunyumba.