Chithunzi Chomaliza pa Filimu

Mayi wa mapasa anali pa siteji ya basi, miyendo itatupa ndi kuima tsiku lonse pa simbi, pamene anamva dzina limene palibe anali atamuitana nalo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri.

"Kadzuwa."

Sanafune kucheuka. Mkazi wosita zovala za eni, wolera yekha ana awiri chimwalirire bambo wawo, angakhale kadzuwa ka ndani? Koma khosi silimva malangizo. Linatembenuka lokha.

Anali Wojambula. Mimba inali itatsogola, tsitsi litathawira kunkhongo, magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Kamera imene inkalendewera pachifuwa pake masiku aja panalibe. Chimene chinatsala chosakalamba ndi pakamwa.

"Kadzuwa kanga, ndiwe ndithu? Zaka zimakuopa iwe. Zangokulambalala."

"Magalasi anuwo mukasinthitse," anayankha mayiyo. "Mukufuna chiyani?"

"Nambala yako basi. Ndakufunafuna mpaka nsapato kutha."

Basi inafika. Anamupatsa nambalayo kuti amusiye akwere. Ndi mmene anadziuzira, ndipo ali m'basimo anadziuzanso kawiri.

Kale, ali mtsikana wongoyamba kumene ntchito pamalo ochapira zovala, Wojambula ankazungulira m'maofesi ndi m'masukulu ndi kamera ya filimu. Filimu imodzi inkalowa zithunzi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo sankaitsukitsa isanadzaze. Ikatsala pang'ono kutha, ankabwera kwa iye ali wefuwefu.

"Chomaliza ndi chako," ankatero. "Enawa ndimawajambula ndi chala. Iwe ndimatsekera, chifukwa pambuyo pako palibenso wina."

Mawu oterowo mtsikana angawakane?

Zithunzi zimenezo zinalipo khumi ndi chimodzi, ndipo zinali zikadali m'katoni ya nsapato pamwamba pa kabati, pansi pa makadi a sikelo a mapasa. Pafupifupi chilichonse chinali chofiira mbali imodzi ngati chapsa. Pa china phewa panalibe, pa china khutu linadyeka. Atafunsa nthawi imeneyo, Wojambula anati, "Ndi kuwala kwako. Kamera ikulephera kupirira."

Patatha zaka ziwiri anakwatira mwana wa mwini golosale. Anabwera kudzalira pakhomo la kochapira, mamina ali chuchuchu. Akuti abale anamukakamiza. Akuti mkaziyo anamuona koyamba kutatsala milungu iwiri kuti ukwati uchitike. Mtsikana uja anamukhulupirira, mpaka kumubwereka mpango wopukutira misozi.

Tsopano foni inayamba kulira ngati mwana wa njala.

"Wadzuka bwanji, mwini mtima wanga?"

"Mkazi wanga anatisiya chaka chatha. Ndinamulemekeza, koma kukonda ndinakonda kamodzi."

"Wadya? Ukapanda kudya iwe, njala imandipweteka ine."

Mayi wa mapasa ankawerenga, n'kutsonya, n'kuika foni chafufumimba pa thebulo lositira. Kenako ankaitembenuza n'kuwerenganso. Tsiku lina kolala ya shati ya kasitomala inatsala pang'ono kupsa.

"Asisi, simbi imeneyo ili pa nsalu ya eni," anatero mnzake wa pa makina ochapira. "Kapena amene akulembayo ndi amene adzayankhe kwa abwana?"

"Ndi nkhalamba ina yosowa chochita."

"Nkhalamba yosowa chochita mumaiwerenga mukumwetulira?"

Patatha mwezi, Wojambula anamudikira panja pa ntchito atanyamula envulopu yakuda ndi ukalamba.

"Ndikufuna ndikukwatire, Kadzuwa. Zimene zinalakwika tizikonze tisanafe. Undiyankhe Loweruka." Anamupatsa envulopuyo ndi manja awiri. "Umboni ndi uwu. Manegetivu a zithunzi zako zonse. Ndasamuka nyumba zisanu, koma awa sanachoke pamtima panga. Maso angawa sangathenso kuwaona, koma ndimadziwa kuti uli momwemo."

Mayiyo anaiponya m'chikwama, pakati pa sopo ndi mankhwala a msana. Koma kunena zoona, m'basi dzanja lake silinachoke pa chikwamacho. Kodi kunali kulakwa? Munthu wotopa amafunanso womufunsa ngati wadya. Yankho anali nalo kale, ndipo linali lakuti inde.

Lachinayi pa nthawi ya nkhomaliro anapita ku situdiyo ina ya kuseri kwa msika, kumene mdala wina anali akadali ndi makina owerenga manegetivu. Ankafuna zithunzi zatsopano zoti akaonetse Loweruka, aseke limodzi.

Mdalayo anatulutsa timizere ta filimu, n'kutigwira m'mphepete ngati mapiko a gulugufe. Kamzere kalikonse kanali ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi.

"Nditsuke zonse, mayi?"

"Zanga zokha. Ndili kumapeto kwa kalikonse."

"Tiyeni tione kaye pa kompyuta."

Kamzere koyamba kanatuluka. Kumapeto kwenikweni kunali iye, wowonda ngati ndodo, atavala diresi lachikasu limene anagula ndi malipiro ake oyamba, jekete la Wojambula lili pamapewa. Unali mwezi woyamba wa chibwenzi chawo. Theka la nkhope linali lofiira.

Zisanu zam'mbuyo mwake zinali za mtsikana wina. Benchi yomweyo. Mtengo womwewo. Jekete lomwelo pamapewa. Apa akuseka, apa wagwira chibwano, apa waphimba nkhope ndi manja mwamanyazi. Zonse zoyera bwino, zathunthu, mpaka ndolo kuoneka.

Mwana wa mwini golosale.

Mayi wa mapasa anakumbukira tsikulo. Anadikira pa siteji maola awiri, Wojambula n'kufika thukuta lili kamukamu, akuti amajambula ana a sukulu. Jekete lija atamuveka linali lofunda. Iye ankayesa ndi dzuwa.

"Pitirizani," anatero.

Mdala anapitiriza. Pa timizere khumi ndi kamodzi, mtsikana winayo anali pa tisanu ndi tiwiri.

"Bambo, ndifunse. Kufiira kumeneku kumabwera chifukwa chiyani?"

"Kumeneko ndi kumchira kwa filimu, mayi. Potsuka, kuwala kumalowera kumeneko. Chomaliza sitinkachiwerengera, kasitomala sangachilandire. Ife tinkangojambula chilichonse kuti filimu ithe tikatsukitse. Khoma, galu, mwina phazi lako lomwe." Atatero anayang'ana pa kompyuta, n'kuyang'ana mayiyo, n'kuyamba kupukuta magalasi amene anali oyera kale.

Khoma, galu, phazi. Ndiye iye anasunga malo a galu m'katoni zaka zonsezi, n'kumawapukuta fumbi!

"Tsukani za mtsikana winayo," anatero. "Zonse."

"Nanga zanu?"

"Zanga ndili nazo."

Loweruka anapita ndithu. Anavala bwino, osati chifukwa cha mwamunayo, koma kuti asadzanene kuti anakanidwa ndi mkazi wosasamba. Anamupeza m'kalesitilanti ka pafupi ndi siteji, atavala suti yothina m'khwapa, tiyi wa anthu awiri ataitanitsa kale.

"Mfumukazi yanga yafika. Usiku wonse sindinagone, mtima umangoti—"

"Taonani izi kaye."

Anayala zithunzizo pa thebulo, chimodzichimodzi, ngati akuyala zovala zoti mwini wake aziwerenge. Anali atakonzeka. Ankadziwa kuti abwera mabodza, ndipo bodza lililonse anali atalisulira kale yankho lake. Akati anali kasitomala chabe, amufunsa za jekete. Akati ndi msuweni, amufunsa ngati anthu amakwatira asuweni owaona koyamba.

Wojambula anatola chimodzi, n'kuchifikitsa pafupi ndi magalasi. Kumwetulira kunachoka. Anatola china.

"Amake ana," ananong'ona. "Ndinkayesa zonse zinatayika."

"Munandiuza kuti munamuona koyamba kutatsala milungu iwiri."

Sanamve n'komwe.

"Apa anali ndi chimfine, taona mphunoyi. Anakana kujambulidwa, ndinachita kumunyengerera ndi masiwiti. Ndolo izi anabwereka kwa mkulu wake, imodzi inatayika pobwerera, tinaifuna mpaka mdima." Anaseka pang'ono, misozi ikutsikira m'makwinya. Sinali misozi ija ya pakhomo la kochapira. Iyi inkatuluka yokha, mwini wake osaiitana.

Mayi wa mapasa anamuyang'ana. Nkhope imeneyi, yofewa chonchi, yopanda mawu okometsera, iye anali asanaionepo. Zaka ziwiri za chibwenzi, mwezi wathunthu wa mameseji, sanapatsidweko ngakhale kamodzi. Mayankho onse amene anabwera nawo anasowa powagwiritsa ntchito.

"Tsiku lomwelo munajambulanso ine," anatero motsitsa mawu. "Ndinavala chiyani?"

Wojambula anadzutsa mutu. Pakamwa panatseguka. Pakamwa paja, posasowa chonena chibadwire, panangokhala yasa.

"Unavala... unali wokongola kwambiri, Kadzu—"

"Musavutike."

Tiyi anali atayamba kuchita kakhungu pamwamba. Kenako mwamunayo anaika dzanja pa zithunzi zija, mwamantha, ngati wina amulanda.

"Izi ungandisiyire? Ana alibe chithunzi cha mayi awo ali mtsikana."

Ndiye pempho lake linali limenelo. Za Loweruka, za yankho, za kukonza zolakwika asanafe, zonse anali ataiwala.

"Tengani. N'zanu."

Anaimirira, nakoleka chikwama paphewa. Msana unamukumbutsa kuti ulipo. Atafika pakhomo anaima pang'ono, ngati akukonza lamba wa nsapato. Chitsiru chimene chinkakhala mumtima mwake chinali chisanafe, chinkafuna kuitanidwa kamodzi kokha.

Anacheuka. Wojambula anali atasuntha makapu onse awiri kuwaika pambali kuti zithunzi zisanyowe, ndipo ankazisanja mwa dongosolo lake, kuyambira choyamba, akupukuta chilichonse ndi mkono wa suti.

Mayi wa mapasa anatuluka, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti asamusokoneze.