Kalata ya pa Ngalande

Zelesi anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala m'chigwa cha Bwanje. Ankayenda ndi ndodo ziwiri. Mwendo wake umodzi unali wofooka chibadwire.

Zelesi ankakonda sukulu. Ankakonda belu. Ankakonda choko. Ankakonda ngakhale masamu, amene anzake ankawathawa.

Koma pakati pa mudzi ndi sukulu panali ngalande. Ngalandeyo inkapititsa madzi kuminda ya mpunga. Pa ngalandepo panali mtengo umodzi wogoneka. Ana ankawolokera pamtengowo. Ankawoloka akuthamanga. Ena ankawoloka akudya nzimbe!

Zelesi sankatha. Ndodo ziwiri sizikwana pamtengo umodzi. Mlatho waukulu unali kutali kwambiri, kumsewu.

M'mawa uliwonse bambo ake ankamubereka.

"Kwera, basi ikunyamuka!" ankatero.

"Ikupita kuti, Ababa?"

"Kusukulu! Kusukulu! Wotsala atsale!"

Zelesi ankaseka mpaka tsidya lina.

Nthawi ya mvula, bambo ake anadwala. Anapita nawo kuchipatala. Sanabwerenso. Anamwalira.

Zelesi analira. Amayi analira. Pakhomo panangoti zii.

Maliro atatha, Zelesi anavala yunifolomu.

"Amayi, ndikufuna kupita kusukulu."

"Tiye, mwanawe," anatero Amayi.

Anafika pa ngalande. Amayi anali atabereka Ulemu, mng'ono wake wa Zelesi. Anamutsitsa. Anamukhazika pachitenje. Kenako anabereka Zelesi.

Anaponda pamtengo kamodzi. Anaponda kawiri. Atacheuka, anaona Ulemu akukwawira kumadzi.

"Mayo ine!" anakuwa Amayi.

Anabwerera msanga. Anamugwira Ulemu mwendo.

"Zelesi, msana wanga ndi umodzi," anatero Amayi. "Sindingathe."

Mawa lake Zelesi anapita yekha. Anaika ndodo imodzi pamtengo. Ndodo inayo inalibe poima. Mtengo unali woterera.

Phava! Zelesi anagwera m'madzi.

Amayi anali pamunda wapafupi. Anathamanga. Anamuvuula. Anavuulanso ndodo ndi kope. Kope linali litanyoweratu.

"Usadzayesenso!" anatero Amayi, misozi ili mbwembwembwe. "Bambo ako apita. Ndisatayenso iwe."

Zelesi sanayesenso. Koma m'mawa uliwonse ankavala yunifolomu. Ankapita pa ngalande. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango.

Belu linkalira tsidya lina. Nge! Nge! Nge! Zelesi ankalimva. Mtima unkamuwawa kwambiri.

Tsiku loyamba anakhala pamenepo. Tsiku lachiwiri anakhala pamenepo. Sabata inatha ali pomwepo.

Inali nthawi imene mpunga umacha. Mbalame zimadza zambirimbiri kudzadya mpunga. Ana ambiri amajomba kusukulu. Amakhala kumunda kuingitsa mbalame.

M'kalasi, Aphunzitsi ankaitana mayina.

"Allan?"

"Ali kumpunga!" ana ankayankha.

"Janeti?"

"Ali kumpunga!"

"Zelesi?"

"Ali kumpunga!"

Ana ankangoyankha choncho pa aliyense wojomba. Pakamwa panazolowera. Aphunzitsi anapukusa mutu. Anaganiza kuti, "Bambo ake kulibe. Ndiye amayi ake amutuma kumunda." Sanafunse zambiri.

Janeti anali mnzake wa Zelesi. Iyeyu ndiye analidi kumpunga. Mpunga wakwawo atadula, anabwerera kusukulu. Poweruka anapeza Zelesi pansi pa mango.

"Zelesi, nkhani siili bwino," anatero Janeti. "Aphunzitsi akwiya ndi ojomba. Akuti amene safika pofika Lachisanu, amufufuta m'kaundula."

"Ndi ine ndemwe?"

"Ndi iwe wemwe."

"Ukawauze kuti ndili pano."

Janeti anayang'ana pansi. "Ndikuopa. Inenso ndajomba masiku ambiri."

Zelesi anagwira dzina lake pakope ndi chala. Amene analemba dzinalo anali bambo ake. Misozi inagwera pomwepo.

Kenako anapukuta maso. Anang'amba pepala limodzi. Pepalalo linali lokwinyika ndi madzi aja. Anatenga pensulo. Analemba pang'onopang'ono:

"Aphunzitsi, sindili kumpunga. Ndili pa ngalande. Belu ndimalimva. Chonde musafufute dzina langa. Ine Zelesi."

Anapinda kalatayo.

"Usalankhule kanthu," anauza Janeti. "Ukangoika patebulo."

"Zimenezo nditha," anatero Janeti.

M'mawa belu linalira. Nge! Nge! Nge! Zelesi anadikira. Dzuwa linakwera. Palibe anabwera.

"Sanawerenge," anadziuza yekha.

Kenako anamva mapazi ambiri. Anadzutsa mutu. Tsidya lina kunali Aphunzitsi. Kumbuyo kwawo kunali kalasi yonse.

Aphunzitsi anayang'ana mtengo uja. Anayang'ana ndodo za Zelesi. Anayang'ana yunifolomu yake yochapa bwino.

Kenako anavula nsapato. Anayamba kuwoloka. Ankagwedezeka uku ndi uku ngati bakha. Ana anabisa kuseka m'manja. Munthu wamkulu, kuopa kamtengo!

Atawoloka, anagwada pafupi ndi Zelesi.

"Wakhala ukubwera pano masiku onsewa?"

"Eya, Aphunzitsi."

"Ndikhululukire, mwanawe. Sindinafunse."

"Dzina langa mwafufuta?"

"Ayi. Lilipo, ndipo silichoka."

Allan anakweza dzanja. "Tizimubereka mosinthana!"

"Inenso! Inenso!" anatero ena.

Zelesi anapukusa mutu.

"Zikomo," anatero. "Koma sindikufuna kuberekedwa. Wondibereka akadwala, nditsalanso. Ndikufuna kuyenda ndekha."

Zelesi analoza mtengo uja.

"Mtengo umodzi wandichepera," anatero Zelesi. "Ikanakhala yambiri, ndodo zanga zikanapeza poponda."

Aphunzitsi anaimirira.

"Ana inu, mumabweretsa chiyani chophikira phala la kusukulu?"

"Chikuni chimodzi aliyense!"

"Mawa musabweretse nkhuni. Aliyense abwere ndi nsungwi imodzi. Muuzenso makolo anu."

Mawa lake njira inadzaza nsungwi. Zazitali. Zazifupi. Zokhota. Janeti anakoka yaitali kuposa iye mwini. Azibambo anabwera ndi mitengo ikuluikulu iwiri. A Saiti a kugolosale anabweretsa misomali. Azimayi anabwera ndi luzi.

Kho! Kho! Kho! Anakhoma. Anamanga. Anakhomanso.

Zelesi sanangoonerera.

"Apa pali mpata," ankatero. "Ndodo yanga ilowa."

Azibambo ankatseka mpatawo.

"Apanso pali mpata."

"Koma kapitawo ameneyu ndi wovuta!" anatero a Saiti. Onse anaseka.

Pofika madzulo, mlatho unatha. Unali wotakata. M'mbali munali pogwira.

Lachisanu m'mawa, Zelesi anavala yunifolomu. Amayi anabereka Ulemu. Anaperekeza Zelesi mpaka pa ngalande.

Madzi ankayenda pansi. Amayi anatambasula dzanja.

"Amayi, musandigwire."

Amayi anabweza dzanja.

Go! Ndodo yoyamba. Go! Ndodo yachiwiri. Kenako phazi.

Go! Go! Phazi.

Go! Go! Phazi.

Zelesi anaponda dothi la tsidya lina. Anacheuka. Amayi ankaseka, uku akulira. Ulemu ankaomba m'manja.

"Ndawoloka, Amayi! Ndawoloka ndekha!"

"Ndakuona, mwanawe. Ndakuona."

"Pitani kumunda tsopano. Pobwera ndibweranso ndekha."

"Ndikupita," anatero Amayi.

Koma sanapite. Anaima pomwepo, akumuyang'ana, mpaka Zelesi analowa m'kalasi.